Chakudza sichiyimba ng'oma, nanga chikadayimba?

Mwambi wakuti chakudza sichiyimba ng'oma timaunena pa nthawi ziwiri. Timaunena tsoka lisanafike, pamene mayi akuletsa mwana wake kugulitsa chimanga chonse kwa mavenda m'mwezi wa Meyi, matumba akadali mbwee pakhonde. Timaunenanso tsoka litagwa kale, pasiwa, pamene mawu ena onse atha ndipo munthu akungofuna kuuza namfedwa kuti palibe chimene akadachita. Koyambako ndi chenjezo, kwachiwiriku ndi chitonthozo. Koma konsekonse pansi pa mwambiwu pagona dandaulo limodzi: tikadakonda chikadamayimba. Tikadakonda mawa akadamatumiza mthenga, kuti njala, matenda ndi imfa zizitipeza titamanga kale m'chiuno.

Chimene sitidzifunsa n'chakuti chikadayimba, ng'omayo ikadamveka kwa yani. Kwa tonse, kapena kwa mmodzi? Nanga mmodziyo akadatichita chiyani enafe?

Frank Herbert, mtolankhani wa ku America, adalimbana ndi funso limeneli kwa zaka zoposa 20 m'mabuku asanu ndi limodzi a nkhani zopeka za sayansi. Loyamba, Dune, lidatuluka mu 1965 makampani osindikiza oposa 20 atalikana. Amene adalilandira ndi a Chilton, odziwika ndi mabuku ophunzitsa kukonza galimoto. Lomaliza, Chapterhouse: Dune, lidatuluka mu 1985, ndipo limathera m'malere, moti owerenga akukanganabe za mathero ake mpaka lero. Amene adaonera mafilimu a Denis Villeneuve a 2021 ndi 2024 adangolawa buku loyamba lokha, mmene mnyamata Paul Atreides akuoneka ngati mpulumutsi. Mabuku otsatirawo Herbert adawalemba kuti atilande mpulumutsi ameneyo.

Pa dziko lachipululu la Arrakis, kumene kumapezeka melange, mankhwala otalikitsa moyo ndi otsegula maso a m'mutu, Paul ayamba kuona zakutsogolo. Kwa iye chakudza chikuyimba, ndipo chikuyimba momveka. Akuona nkhondo yachipembedzo imene idzamenyedwe m'dzina lake, akunyansidwa nayo, koma njira iliyonse imene akulowa ikumubwezera komweko. Pofika m'buku lachiwiri, Dune Messiah la 1969, anthu 61 biliyoni afa. M'buku limeneli muli chochitika chimene sichichoka m'mutu. Adani amuphulitsira chida chimene chimuotcha maso. Paul tsopano ndi wakhungu, koma akuyendabe wopanda ndodo, akuitana anthu mayina awo, akuloza pamene aima, chifukwa zonsezi adaziona kale m'masomphenya. Anthu akuzizwa, ati uyu ndi mulungu. Koma kuti apitirize kuona, phazi lake liyenera kuponda pamene masomphenya adaliika, osaphonya ngakhale pang'ono. Akangopatuka, mdima bii. Wamva ng'oma yonse ya mawa, ndiye sangathenso kuvina gule wina.

Zimenezi sizingamudabwitse kwenikweni mlimi wa ku Ntcheu. Pa msika wa Lizulu, paja msewu wa M1 ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, nkhani ya mitengo imayenda mofulumira kuposa maminibasi. Wina akamva kuti chaka chatha anzake adapha makwacha ndi tomato mwezi wakutiwakuti, chaka chino amafesa kuti akolole mwezi womwewo. Anansi ake amvanso zomwezo, a tsidya lina la msewu nawonso. Ikakwana nthawi, mabeseni ndi zidebe zandanda m'mbali mwa msewu, tomato ali psuu, ogula akungofunsa mtengo pawindo galimoto isanaime n'komwe, ndipo pofika madzulo mayi amene m'mawa amakana kutsitsa akuthamangira basi ndi beseni pamutu kuti angopezako yobwerera kunyumba. Ng'oma imene yamveka kwa onse imasintha chakudzacho, ndipo chimene chimafika ndi china, chimene sichidayimbe. Imapindulitsa ikamveka kwa mmodzi, monga venda amene akudziwa mtengo wa ku Blantyre mlimi asakuudziwa. Ndale zonse za m'mabuku a Herbert zaima pamenepa: kudziwa zamawa kumasanduka mphamvu pokhapokha anzako ali mumdima.

Mwana wa Paul, Leto Wachiwiri, asenza chimene bambo wake adachithawa. Iye aona kuti mtundu wa anthu udzatha psiti ukakhalabe pamalo amodzi, pansi pa mfumu imodzi, poonekera kwa mlosi mmodzi. Alola thupi lake kusanduka theka munthu theka chinyongolotsi cha mumchenga, nalamulira zaka 3,500 ndi dzanja lolemera. Maulendo awaletsa, melange yense amutsekera m'manja mwake, mtendere aukhazikitsa mokakamiza, kuti anthu atope ndi goli mpaka m'mafupa, ndipo iye akadzafa adzabalalike kutali osadzalolanso kusonkhanitsidwa ndi munthu mmodzi. Koma ntchito yake yaikulu ndi ina. Posankha yekha okwatirana kwa mibadwo yambiri, afikira pa mtsikana Siona, amene mlosi aliyense sangamuone m'masomphenya, ndipo ana ake adzatengera zomwezo. Siona yemweyo, pamodzi ndi mnzake wina dzina lake Duncan Idaho, ndiye adzagwetsera Leto mumtsinje. Ndiko kuti mfumu yamphamvu kuposa zonse idagwira ntchito zaka 3,500 kuti mwambi wathu ukhalenso woona. Chimene ife timalira nacho pasiwa, iye adachiyesa mphatso yoyenera kuifera.

Ine Leto sindimukhululukira msanga, chifukwa munthu wotipweteka lero ponena kuti akutipulumutsa ku za mawa, ku Ntcheu tidamuonapo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma la atsamunda lidalimbitsa malamulo a malimidwe: mizere yopingasa, milambala m'malo otsetsereka, kuzula mapesi pa nthawi yoikika. Wolephera amalipitsidwa chindapusa, ena amapita kundende. Chovuta n'chakuti akatswiri aja sadaname. Nthaka ya m'mapiri a Kirk Range imakokolokadi, ndipo zambiri zimene ankakakamiza ndi zomwe alangizi akuphunzitsa lero. Ng'oma adaimva ndithu, koma woimvayo adanyamula mkwapulo, ndipo anthu adadana ndi mkwapulo pamodzi ndi milambala yomwe.

Mu 1953 Inkosi Philip Gomani adauza anthu ake kuti asiye kutsata malamulo a malimidwewo, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinkabwera. Boma lidamuchotsa pa ufumu, ndipo apolisi atabwera ku Lizulu kudzamutenga, adawolokera ku Mozambique pamodzi ndi mbusa Michael Scott. Apwitikizi adawabweza. Gomani, yemwe adali kale wodwala, adamwalira mu 1954. Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963. Apa mwambi wathu ukutsimphina miyendo yonse iwiri. Kukokoloka kwa nthaka kudayimba ng'oma, chitaganya chidayimbanso yake, ndipo onse awiri, bwanamkubwa ndi mfumu, adamva zoona. Kusiyana kwawo n'kwakuti mmodzi adalipiritsa anthu ena pa zimene adamva, winayo adalipira yekha. Pali zakudza zambiri zimene zimayimba mpaka chikopa kung'ambika, ndipo tikamanena mwambiwu pambuyo pake timakhala tikubisa kuti tidatseka makutu. Chosangalatsa n'chakuti Dune yemweyo adabadwira mu nkhani ya nthaka: mu 1957 Herbert adapita ku Florence, m'chigawo cha Oregon, kukalemba za akatswiri a boma amene ankadzala udzu kuti aimitse milu ya mchenga yoyenda ndi mphepo.

Tsono tifike pa mathero aja. Papita zaka 1,500 Leto atafa. Ena mwa amene adabalalika akubwerera, ndipo oopsa kwambiri ndi gulu la akazi lotchedwa Honored Matres, limene likuotcha maiko athunthu; Arrakis yemwe wapsa. Koma pang'onopang'ono zidziwika kuti akazi ankhanzawa sakubwera ngati ogonjetsa ayi. Akuthawa. Kumbuyo kwawo kuli mdani amene buku silimutchula. Gulu lina la akazi, lakale ndi lanzeru zobisika, la Bene Gesserit, lipulumuka mwa chiwembu cha mtsogoleri wake Darwi Odrade, yemwe afera pomwepo, ndipo Murbella, wobadwira mbali ya adani koma wophunzitsidwa mbali iyi, akhala mtsogoleri wa magulu onse awiri. Ena akana mgwirizano umenewu nathawa m'chombo chachikulu cha mumlengalenga, chopangidwa mwakuti ngakhale mlosi sangachione. M'katimo muli Sheeana, mkazi amene nyongolotsi za mumchenga zimamumvera. Duncan Idaho, amene waumbidwanso kambirimbiri kuchokera ku maselo a mtembo wake. Kazembe wankhondo Miles Teg m'thupi la kamnyamata. Scytale, amene wabisa m'chifuwa mwake maselo a anthu akale otchuka. Ndi kagulu ka Ayuda ndi rabi wawo. Duncan afufuta zonse zimene makina a chombo akadadziwira kumene ali. Ngakhale iwo eni sakudziwa kumene akupita.

Mutu womaliza ndi waufupi. Nkhalamba ziwiri, mwamuna ndi mkazi, Daniel ndi Marty, ali m'dimba la maluwa. Ndi anthu amene Duncan wakhala akuwaona m'masomphenya akumusuzumira kudzera mu ukonde wonyezimira. Mwamunayo akudulira maluwa ake. Mkaziyo akumukalipira kuti chombo chija wachilekerera dala, pamene adali atachikola kale. Iye sakuoneka wodandaula. Akambirana pang'ono ngati anthu okalambira limodzi, buku n'kutha. Mdani sadatchulidwe, chombo sichidafike, ndipo nkhalamba zimene zikuoneka zamphamvu kuposa aliyense m'mabuku onse asanu ndi limodzi taziona masamba owerengeka okha.

Ife tidakulira nthano zotsekedwa bwino. Wonena nthano akafika kumapeto amati kaphuleni mbatata, ana n'kuyankha kuti yapserera, aliyense n'kukagona akudziwa kuti Kalulu wapulumuka ndipo Fisi walangidwa. Ndiye wowerenga amene wayenda ndi Herbert masamba zikwi amamva ngati amubera. Amayamba kufunsa funso limodzi lokha: nkhalambazi ndi ndani?

Yankho loyamba lili m'buku momwemo. Pa zimene awiriwa akukambirana zikuoneka kuti ndi a mtundu wa anthu osintha nkhope, akapolo amene a Tleilaxu, mtundu wa Scytale uja, adawaumba kuti azitengera maonekedwe ndi maganizo a anthu ena. Atameza miyoyo yochuluka, akapolowa adakhala anthu paokha nasiya kumvera ambuye awo. Yankho lachiwiri lili kunja kwa nkhani. Beverly, mkazi wa Herbert, amene ankawerenga ndi kukonza zolemba zake, adamwalira mu Febuluwale 1984 atadwala khansa kwa zaka zambiri, ndipo buku limeneli limatsekedwa ndi mawu omukumbukira. Owerenga ambiri amaona kuti mwamuna ndi mkazi a m'dimbawo ndi Frank ndi Beverly eniake, akuyang'ana anthu amene adawalenga akutuluka m'manja mwawo.

Ine ndimaona kuti mayankho awiriwa sakulimbana, ndipo funso lakuti ndi ndani ndi laling'ono poyerekeza ndi lakuti achita chiyani. Aphonya. Kuyambira pa Paul, nkhani yonse yakhala ya anthu oona zamawa ndi anthu ofuna kuthawa maso awo, ndipo mu mutu womaliza oona omalizawo ataya nyama yawo, mwina mwadala. Pa alosi onse a m'buku, wamkulu ndi mlembi. Ndiye amadziwa tsamba lomaliza wina aliyense asanabadwe. Kwa iye chakudza chilichonse chimayimba ng'oma, pakuti woyimbayo ndi iye mwini. Munthu amene watha zaka 20 akunena kuti tsogolo lodziwika ndi ndende sakadatha kutsekera anthu ake m'mathero odziwika popanda kudzitsutsa. Chombo chimene chasowa pamaso pa Daniel ndi Marty chasowanso pamaso pa wowerenga, ndipo kukwiya kumene timamva ndi kwa mlosi amene walandidwa masomphenya. Herbert watikhazika pampando wa Leto, natichotsapo.

Komabe tisakometse zinthu mopitirira. Herbert ankafuna kulemba buku lachisanu ndi chiwiri. Adamwalira pa 11 Febuluwale 1986 ku Madison, m'chigawo cha Wisconsin, ali ndi zaka 65, magazi ataundana m'mapapo pambuyo pa opaleshoni ya khansa ya kapamba. Khomo limene ife tikuliyamikira kuti adalisiya lotsegula mwanzeru, iye ankati abwera kudzalowapo. Anthufe timakonda kuveka imfa malaya a cholinga, kunena kuti adadziwa, adatsanzika, adamaliza ntchito yake. Sadamalize. Mwambi uja udamupeza m'tanthauzo lake la pasiwa, ndipo kukongola kwa matherowo mbali ina ndi ngozi chabe. Chimene ndinganene n'chakuti ngoziyo idagwera pamalo pamene nkhani ikadatha kuima yokha, ndipo si mabuku onse osamalizidwa amene ali ndi mwayi wotero.

Mwana wake, Brian Herbert, pamodzi ndi Kevin J. Anderson, adanena kuti adapeza ndondomeko ya buku lachisanu ndi chiwiri m'bokosi losungira zinthu ku banki, ndipo adatulutsa Hunters of Dune mu 2006 ndi Sandworms of Dune mu 2007. M'mabuku awowa Daniel ndi Marty ndi Omnius ndi Erasmus, makina oganiza amene adatsala pa nkhondo yakalekale ya anthu ndi makompyuta. Vuto n'lakuti mayina awiriwa mulibe m'mabuku asanu ndi limodzi a Frank. Adayamba kuoneka m'mabuku amene Brian ndi mnzakeyo adalemba okha kuyambira 2002. Sindikuti mwana alibe ufulu pa munda wa bambo wake. Aliyense amene adakhalapo pa bwalo logawa chuma cha masiye amadziwa mphamvu ya mawu akuti malemu adandiuza ine, komanso amadziwa chifukwa chake abale ena amayang'ana pansi akawamva. Chondivuta ine si ufuluwo. M'mathero atsopanowa muli nkhondo yomaliza, muli mpulumutsi womaliza, mafunso onse ayankhidwa, akufa ambiri abwerera. Mbatata yaphulidwa. Koma nkhani imene idayamba ndi kutichenjeza za apulumutsi yathera m'manja mwa mpulumutsi, ndipo chombo chimene chidathawa maso a onse chakokedwa kubwerera pabwalo.

Pali malo ena pamene zonse ndanenazi ziyenera kuvula chipewa. Ku Nsipe, m'boma lomweli la Ntcheu, kuli manda a Saulos Chilima, yemwe adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, amene adafa pa 10 Juni 2024 pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu ndege yawo itagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Adali ndi zaka 51. Masiku amenewo mwambi wathu udali pakamwa pa anthu ambiri, ndipo udali woona: palibe amene adadzuka m'mawa uja akudziwa. Koma mwambi womwewo ukhoza kusanduka chotsekera pakamwa. Komiti yofufuza idapereka lipoti lake mu Disembala 2024, akatswiri a ku Germany adalembanso lawo, ndipo anthu ambiri adapitirizabe kufunsa. Munthu sangapite kwa amasiye a anthu asanu ndi anayi aja kukawauza kuti nkhani yosatsekedwa ili ndi kukoma kwake. M'buku, funso losayankhidwa limamasula wowerenga chifukwa palibe amene wafa zenizeni. Pamene pali mtembo, ofunsa kuti nyengo idanenedwa motani, ndani adaloleza ulendo, kufunafuna kudayamba nthawi yanji, sakupempha ulosi. Akufunsa za dzulo, ndipo dzulo lili ndi mboni. Akuluakulu omwe adati chakudza sichiyimba ng'oma ndi omwenso adati mlandu suola.

Pokangana za nkhalamba za m'dimba ndi za chombo chothawa, owerenga amaiwala munthu amene adatsala. Murbella sadathawe. Duncan, bambo wa ana ake, wapita osamutsanzika maso ndi maso. M'manja mwake mwatsala magulu awiri a akazi amene dzulo lomweli amaphana, ndipo ayenera kuwadyetsa m'mbale imodzi. Akudziwa kuti mdani akubwera, pakuti adaona amphamvu akuthawa, koma sakudziwa nkhope yake, tsiku lake, kapena mbali imene adzatulukire. Alibe masomphenya a Paul oti awatsate, alibe zaka 3,500 za Leto, alibenso chombo chobisalamo. Ufulu umene Leto adaufera wamufikira ngati ntchito: kukonzekera chinthu chosadziwika ndi anthu osakhulupirirana. Kwa amene ali m'chombo mwambi uja ndi chimasuko, koma kwa Murbella wabwerera ku tanthauzo lake la mayi woletsa kugulitsa chimanga. Ambirife tili kumene kuli iyeyo, ndipo Herbert akadakhala ndi moyo, mutu umene ndikadathamangira kuwerenga si wonena kuti Daniel ndi Marty ndi ndani, koma wa msonkhano woyamba umene Murbella adaitanitsa chombo chitapita.